Abambo anatisiya

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsapato aja sanadikirepo munthu chibadwire. Kutchalitchi amafika nyimbo isanayambe, akazi awo akumangabe mpango kunyumba. Amene anaona ukwati wawo amati mkwatibwi ankachita kuthamanga pambuyo, diresi atalikwinya m'manja.

Imvi zitayamba, makasitomala n'kuyamba kuwatchula agogo, zinawawawa. Analengeza kuti banja lipita panjinga kukaona mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito kutali, ulendo woti ndi basi yomwe umafika msana utauma. Ankafuna amayi ndi mwana wawo wamkazi adzionere okha kuti bambo wapanyumba akadalipo, ndipo popanda iwo palibe chingayende. Anasokera njinga zonse zitatu zovundikira zishalo ndi nsalu yotsala ya makatani. Pampu ndi masipanala anamanga panjinga yawo.

Tsono pampuyo inkakhala kuseri kwa phiri, chifukwa m'mawa uliwonse atelala ankangoti, "Ine ndatsogola, mundipeza," n'kuzimiririka.

Chodabwitsa n'choti ankawapezadi, mwinanso msanga. Amayi ankafika opanda thukuta, mwana akusenda lalanje. Lero abwera ndi buledi, mawa ndi chubu chatsopano.

"Anthu akuno ngachifundo," amayi ankatero. "Wina watikweza lole pachitunda chija."

Atelala ankavomera ndi mutu, koma mumtima ankadabwa. Iwo ngakhale madzi akumwa ankachita kupempha kawiri.

Tsiku lina masana tcheni chinawadukira. Ali chiweramire m'mbali mwa msewu, lole inadutsa ndi fumbi lake. Anakankha njinga mpaka pashedi ya wokonza njinga, bambo wamimba yake komanso wankhani zake. Pakhoma panatsamira njinga ziwiri za zishalo zamakatani.

"Mwaona kasokedweko, achikulire?" anatero wokonza njingayo, akugogoda tcheni. "Ndi manja a malemu amenewo."

"Malemu ati?"

"Amuna awo a mayi amene akupuma kuseriku ndi mwana wawo. Atsika lole posachedwapa. Akazi anga atawafunsa kuti abambo ali kuti, angoti, 'Anatisiya.' Ati liti? Ati, 'Anayamba kalekale, ana ali aang'ono.' Mwina anadwala nthawi yaitali. Mkazi wamasiye kuyenda mtunda wonsewu opanda ndi pampu yomwe, inu."

Atelala anayang'ananso zishalo zija. "Nanga mwanayo akuoneka wodandaula?"

"Ayi ndithu, wadya bwinobwino. Akuti anazolowera."

Mawu amenewo ndi amene anawalasa. Analowa kuseri osaodira. Anapeza amayi atakhala pampando wa eninyumba, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, mwana akupaka majarini pabuledi.

"Mayi, ine ndinamwalira liti?"

Amayi sanatulutse n'komwe mapazi m'madzimo. "Ndani wanena za kumwalira, bambo? Andifunsa komwe muli, ndayankha. Simunatisiye?"

"Koma mumadziwa mmene akumvera anthu."

"Tsiku loyamba ndinafuna kukonza. Ndinati, ayi, angotsogola. Mayi amene anandifunsayo analira kuposa poyamba."

Mwana anatsamwa ndi buledi. Atelala anamuyang'ana, mwana amene anamusokera yunifolomu iliyonse chiyambire sukulu.

"Ndi iwenso?"

"Ine sindinanenepo kanthu, ababa. Ndimangoyang'ana pansi."

Apo wokonza njinga anatulukira, sipanala ili m'manja. "Achikulire, ulemu pang'ono. Mayiwa ali ndi chisoni. Ngati muli ndi mawu, mudzere kwa achibale."

"Asiyeni," anatero amayi. "Ndi eniake a zishalo zija."

Bamboyo anayang'ana atelala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anakayitana akazi ake kuti adzaone. Mayiwo anabwera, anaona, n'kunyamula majarini wawo kubwerera naye kukhitchini.

Kuchokera pamenepo atelala anayenda pambuyo. Mtunda wautali ankangofinya mabuleki mpaka zala kuchita dzanzi, maso ali pamsana pa anthu awiri amene anawadyera malalanje a pamaliro. Malole ankangodutsa osaima. Mwana anadandaula kuti anthu a mbali ino ngouma mtima.

Pamjigo wina anaima kuti amwe madzi. Mayi amene ankatunga pamenepo anayang'ana njinga, n'kuyang'ana amayi ndi chifundo chija, kenaka anatsitsa mawu.

"Nanga awa akukutsatiraniwa ndi ndani?"

Amayi anayang'ana kaye chitunda chimene chinali kutsogolo, n'kupuma mozama.

"Ndi abambo akunyumba."

Anayankha bwino. Koma atelala mpaka lero, akamadula nsalu pakhonde paja, amauza aliyense kuti yankholo linachedwa.