Salada ya apongozi a Rosa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza Rosa, mwana wa mlongo wanga, kwa apongozi ake ku Malowera. Paja anamuchita opaleshoni yochepetsa chifu mwezi watha, ndipo dotolo analetsa zaziwisi mpaka chilonda chipole. Pepala la dotololo ndinawawerengera apongoziwo ndekha tisanakhale pansi.

Koma amayi aja, poti mwana wawo walemera ndi golide, akuti nkhwani wophika ndi ndiwo zaumphawi. Anatulutsa salada ya kabichi wamuwisi. "Idyani, mpongozi wanga, ochepetsa thupi ku Tete amadya zimenezi."

Rosa akanakana bwanji mbale ya apongozi? Anatafuna ngati mbuzi, uku akumwetulira. Pano wagona, akusanza, ndipo apongoziwo akuimba nthungululu kuti Rosa ali ndi pakati.

Mawa ndikukamutenga. Alipo wotsutsa?