Mayi wa Mwana Wosaona ku Kabushi

Racheal atabereka mwana wosaona, nyumba yake ku Kabushi, mumzinda wa Ndola, inasanduka bwalo la milandu.

Apongozi ake anati khandalo, Treasure, ndi chilango chifukwa Racheal anakana kubatizidwanso ku mpingo wa mwamuna wake, Barnabas. Amayi ake omubala anati ayi, Mulungu wakwiya chifukwa iye anakwatiwa ndi munthu wa mpingo wina. Onsewo ankamaliza ndi mawu amodzi: "Baibulo likutero."

"Likutero pati?" anafunsa Racheal.

"Tikakuonetsani muwerenga, amake Treasure?" anayankha apongoziwo.

Mawuwo anamubaya, pakuti sukulu anaisiyira giredi 2. Barnabas naye anatopa ndi phokoso, n'kusamukira kwa mkulu wake ku Itawa, amvekere adzabwera mkazi wake akasankha mpingo.

Racheal sankagona. Akayang'ana maso a mwanayo ankadzifunsa ngati analidi iye wolakwa. Potsiriza analembetsa sukulu ya akuluakulu. M'mawa ankagulitsa tomato, masana n'kukakhala pabenchi, mwana ali kumbuyo. Anzake pamsika ankamuseka akamumva akugwirizanitsa zilembo mokweza. Kangapo anafuna kusiya, koma funso lija silinamupatse mtendere.

Chaka chitatha, anafika pa nkhani ya m'Baibulo ya munthu wobadwa wosaona, pamene ophunzira anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani. Racheal anawerenga yankho lake mobwerezabwereza, misozi ili chuchuchu.

Posakhalitsa mabanja awiri aja anakumana kuti athetse ukwati. Mbali iliyonse inabwera ndi mkulu wa mpingo wake, ndipo sanapatsane n'komwe moni. Mawu atayamba kukwera, Racheal anatsegula Baibulo n'kulipereka kwa mwamuna wake.

"Atate ake Treasure, sindikutsutsa mpingo wanu kapena wanga. Ingowerengani apa ndi pakamwa panu."

Barnabas anawerenga. Atafika pamene Yesu ananena kuti sanachimwe munthuyo kapena makolo ake, analekera pomwepo. Apongozi a Racheal ananyamuka n'kutuluka, koma Barnabas anatsala. Anatambasula manja n'kunyamula mwana wake koyamba.

Si zonse zinakoma. Agogo awiri aja mpaka pano sayenderana. Koma Treasure ali pasukulu ya ana osaona, amawerenga ndi zala, ndipo Loweruka lililonse Racheal amaphunzitsa kuwerenga azimayi a mipingo yosiyanasiyana pakhonde pake. Safunsa aliyense kumene amapemphera.

Inu amene mwasenzetsedwa mlandu m'dzina la Mulungu, musangogwada n'kuvomera. Pitani ku mpingo wanu, mverani abusa anu, koma tsegulaninso Baibulo mudzionere nokha. Ngati zilembo zimakuvutani, yambani ndi chimodzi lero. Mtima usagwe, simunachedwe.