Mlamu Wanga Rachide ndi Chisanu cha ku Lichinga

Mlamu wanga Rachide, mwamuna wa mng'ono wanga Nafissa, anabadwira ku Chimbonila m'banja la alimi a mbatatesi, anthu odziwa kuti khasu limagulidwa ndi mpini womwe. Nzeru imeneyi inamulambalala iye yekha. Atabwera ku Lichinga kudzaphunzira sekondale, ndalama yoyamba imene anaigwira anagulira chisoti cha njinga yamoto, chakuda, chagalasi lonyezimira, pomwe njingayo analibe. Ankayenda nacho m'manja tauni yonse kuti anthu aziganiza kuti njinga waiimika penapake. Sukulu sanamalize. Analowa ntchito pakashopu ka fotokope, ndipo kumeneko ndi kumene anatengera matenda a makompyuta amene mpaka lero sanachire.

Nafissa anamukonda, ndipo pa za chikondi ine sinditsutsa, aliyense ali ndi diso lake. Atakwatirana, Rachide anadzakhala kwathu ku Namacula monga mkamwini, mumpanda wa amalume athu a Ossufo, amene anatilera mayi atamwalira. Ine Zainabo ndimagulitsa nyemba kumsika, ndipo ndikamaweruka ndinkamupeza ali pakhonde, foni kumaso, akuonera anthu akunja akuyerekeza mapurosesa. Kwa inu amene Mulungu sanakupatseni mlamu ngati wanga, purosesa ndi kachitsulo kophwatalala kosaposa bokosi la machesi, kamene kamaganizira kompyuta yonse. Ndinazidziwa mosafuna, chifukwa pakhomo pathu panalibenso nkhani ina. Ngakhale nkhuku zathu zikanakhoza mayeso ake.

Chimene ankafuna chinali kutsegula malo a magemu, pomwe anyamata amalipira kuti asewere mpira wa pakompyuta. Amalume anali ndi chipinda choyang'ana kumsewu chimene tinkasungiramo makala. Rachide anawanyengerera mpaka analola, koma anamuuza maso ndi maso.

"Chipindacho tengani, bambo," anatero amalume. "Koma mvula ikamadzagwa chikhale chikudyetsa nyumba yanu. Ine ndatopa kudyetsa munthu wandevu. Chikakanika, mudzapite kwanu mukagwire khasu."

"Inshallah, tiyu, mudzadabwa," anayankha Rachide, amene ankakonda kuwatchula amalume m'Chipwitikizi.

Kudabwa tinadabwadi. Ndalama zoyambira anapereka ndi Nafissa, zonse zimene analandira ku chipereganyu cha amayi anzake, pomwe iye anali ndi pakati ndipo ankazisungira zamwana. Ndinamutsina khutu, koma anangoti, "Mana, achemwali anga, musiyeni ayesere." Tsono nkhani inali poyera: chipindacho chikayenda, Nafissa akhala ndi mwamuna pakhomo, chikagwa, alera mwana yekha.

Katundu wa makompyuta ankaitanitsa kuchokera ku Nampula ndi Délcio wa ku Chiuaula, dera lina la m'tauni momwemu, mkulu wapakamwa, wokonda phindu, amene anali kale ndi malo ake a magemu. Anabwera kwathu Lamlungu lina, ine ndikusankha nyemba pomwepo, ndipo anaika pamaso pa Rachide mapurosesa awiri a makampani awiri opikisana.

"Mano, m'bale wanga, tamvera," anatero Délcio. "Iyi yapamwambayi ndi yamphamvu, sindikukana. Koma imabwera yokha m'bokosi, yopanda fani, ndipo ikagwira ntchito imatentha ngati mbaula. Iyi ya kampani inayi ndi yapakati, fani yake ili momwemo, ndipo ndalama yotsala ugulira pulaka yabwino ya zithunzi, imene magemu amadalira kwenikweni. Ana odzasewera mpira pano kusiyana kwake sadzakuona n'komwe."

Tangoganizani, wamalonda akukukaniza kugula chodula! Koma Rachide anatulutsa foni n'kuonetsa mizere iwiri yoyeza mphamvu, wina wa purosesa iyi, wina wa inayo.

"Wautali ndi uti apa?" anafunsa.

Ndinasuzumira nanenso. Mzere wake unkaposa unzakewo ndi kachikhadabo chabe, pomwe mtengo unali pafupifupi kawiri.

"Nanga kutenthako?" anafunsa Délcio.

"Odandaula kutentha ndi a ku Tete ndi a ku Beira," anatero mlamu wanga, akuseka ngati wagwira mfiti. "Kuno ndi ku Lichinga, epa! Mulungu anatipatsa kale fani yaulere."

Apa ndinene zoona, ife a ku Lichinga tonse tili nako kamatenda aka. Chisanu chathu timachinyadira ngati tinachilima tokha. Mlendo akatsika shapa, minibasi yathu ija, akunjenjemera, ife mtima umakhala m'malo, timachita kumufunsa ngati kwawo anaonapo nkhungu yotere. Koma enafe timanyadira pakamwa basi, sitiikapo ndalama za mwana wosabadwa.

Anagula yapamwambayo mu Juni, n'kuitcha dzina loti Shefi, ndiye kuti bwana. Ndalama zitathera pa Shefi, zina zonse anachita kutola. Pulaka ya zithunzi inali yakalekale, ya munthu amene anaitaya mtima. Kafani anakachotsa m'kompyuta yakufa ya paofesi ina, kakang'ono koti sikangaziziritse ngakhale tiyi. Bokosi la makinawo analisiya chotsegula mbali imodzi, n'kuliika pazenera kuti lizimenyedwa ndi mphepo. Katoni imene Shefi anabweramo anaiika pashelefu pamwamba, pomwe anthu ena amaika chithunzi cha ukwati.

Ndipo mu Juni ndi Julayi zinayenda, ndisamunamizire. Mphepo ya kuno inamugwirira ntchito osalandira kanthu. Zenera ndi chitseko zinkakhala pululu tsiku lonse, anyamata akusewera atavala majekete, zala zitauma, ena akutsokomola, koma Shefi ali bwino. Wina akati atseke chitseko, Rachide ankalumpha ngati waponda moto. Mapewa anakwera. Ankandiimitsa pachipata, dengu lili pamutu, n'kumandiuza, monditchula mlamu m'Chipwitikizi, kuti, "Kunyada, mu Niassa monse muno mulibe makina ngati awa." Ine ndinkangoti, "Zikomo alamu," popeza wamisala satsutsidwa uli ndi katundu pamutu.

Kenako kunabwera Okutobala, amene Rachide anamuiwala ngakhale kuti amabwera chaka chilichonse. Mphepo inaleka, dzuwa linakula, ndipo pazenera paja pamene pankalowa chisanu panayamba kulowa fumbi lofiira la mumsewu, n'kumakaunjikana pa kafani kaja. Shefi akatentha ankadzichepetsa yekha liwiro kuti asapse. Wosewera pagalasi ankaima chilili mwendo uli m'mwamba, ndipo akamadzayendanso mpira uli kale mu ukonde. Anyamata anakangana, ena anafuna ndalama zawo, kenako anayamba kuyenda wapansi mpaka ku Chiuaula, kwa Délcio, kumene purosesa yapakati ija inkayendetsa mpira womwewo bwinobwino. Rachide ananena magetsi, ananena mawaya, mpaka ananena kuti pali anthu ansanje amene amuponyera diso loipa. Fani yaikulu yoyenera Shefi ndalama yake analibe, ndipo ngakhale akanakhala nayo, kuigula kukanakhala kuvomera kuti chisanu cha ku Lichinga chili ndi malire.

Pofuna kubweza anthu, anaitanitsa mpikisano Loweruka lina masana. Tsiku limenelo ndinaweruka msanga chifukwa kumsika kunalibe malonda. Ndinapeza chipinda chadzaza, thukuta lokhalokha, ndipo pakona, pafupi ndi makina, mng'ono wanga Nafissa atagwada pasimenti ndi mimba yake yaikulu, akukupiza kompyuta ndi lichero. Mwamuna wake anaima pambali akumuuza kuti afulumire. Ndinapsa mtima. Ndinalanda licherolo, n'kumudzutsa mwana wa mayi anga, ndipo tisanatuluke n'komwe galasi linada, Shefi atadzizimitsa yekha. Anyamata anaseka mpaka ena anakhala pansi.

Délcio anali pomwepo, atabwera kudzaona maliro a mnzake. Anthu atabalalika anamuitanira Rachide pabwalo, amalume ndi ife tikumva.

"Mano, tisinthane," anatero. "Ndipatse Shefi wakoyo ndi bolodi imene wakhalapoyo, ine ndili ndi kasitomala wojambula mavidiyo amene angamufune. Ndikupatsa yapakati, fani, ndi pulaka yabwino. Mawa lomwe ana abwerera, ndipo chipinda chikhala chako."

Délcio sankachita zachifundo, phindu lake analiwerengera kale, koma kwa ife unali mlatho. Amalume anagwedeza mutu kuvomereza. Nafissa, amene sanatsutsepo mwamuna wake pagulu, analankhula motsitsa mawu.

"Bambo a kunyumba, vomerani. Chonde. Mwanayu abadwe muli pano."

Rachide anayang'ana mkazi wake, anayang'ana katoni ija pashelefu kudzera pazenera, kenako anapukusa mutu.

"Ine ndikhale ndi nambala wachiwiri? Anthu amve kuti Rachide watsika? Wallahi, bola chipindacho chitsekedwe. Dikirani Juni muone."

Amalume anangodzuka n'kukatenga madzi a udhu osamba asanapemphere, nthawi ya swala isanakwane n'komwe.

Mvula inagwa mu Novembala, ndipo amalume si munthu wobweza mawu. Sanakalipe. Anangomuuza kuti kwawo ku Chimbonila anthu ayamba kubzala, ndipo manja akusowa. Rachide ananyamula zovala m'thumba la saka, koma makinawo anawakulunga m'bulangete labwino la paukwati, n'kuwakhazika pamiyendo m'shapa ngati wodwala. Nafissa sanalire pamaso pake. Analira kuseri kwa bafa, ndipo ndinamumva ndine. Mpaka lero ndikakumbuka kulira kumene kuja, mtima umandiwawa, ndipo mlamu wangayo sindinamukhululukire.

Mwana anabadwa, wamkazi, ndipo pa tsiku lomutcha dzina Rachide anabwera, atada ndi dzuwa la kumunda, koma pakamwa pali pomwe paja. Mwanayo anamutcha Leila. Bambo ake anamunyamula pang'ono n'kumubweza, kenako anakhala pamkeka pakati pa alendo n'kuyamba kufotokoza kuti ku Chimbonila kumazizira kuposa m'tauni, ndipo chifikire kumeneko Shefi sanatenthepo ngakhale kamodzi.

"Kodi kunyumba kwa mayi anu magetsi anafika?" anafunsa amalume.

"Ayi, tiyu, sanafike. Koma akadzangofika, mudzamva."

Nafissa anali pakhomo, mwana ali pachifuwa, akudikira kuti mwina mwamunayo anena za kubwerera. Anamvetsera mpaka pamenepo. Kenako anandipatsa mwanayo, analowa m'nyumba, n'kutulutsa nsapato ndi malaya a Rachide amene anatsalira, amene ankawachapa ndi kuwasunga miyezi yonseyi. Anaziika bwinobwino pafupi ndi mkeka, pambali pa mwini wake, n'kubwerera kukaphikira alendo tiyi.