A Fombe sanauzidwe

Lachiwiri ndinapita ku Chigumula ndili wolusa. A Fombe, owotcherera zitsulo ochokera ku Nsanje, akhala ndi geti langa masabata atatu osalimaliza. Ndinawapeza atakhala pabenchi, makina ali zii, magetsi atathima kuyambira m'mawa.

"Achimwene, pirirani pang'ono," anatero. "Magetsi a malasha aja akangoyamba, zothimathimazi zitha. N'chifukwa chake ndikukana kupita ku Tete. Mng'ono wanga wandipezera ntchito kumeneko, koma ndisiyirenji shopu yanga zabwino zili pafupi?"

Ukali wonse unandithera. Ntchito yomanga malo opangira magetsi a malasha ija inalephereka kalekale. Ine ndinaziona m'nyuzipepala, kankhani kachingerezi kobisika m'masamba am'kati. A Fombe sanamve.

Ndinawauza ndine. Anangoti "Oo," n'kuyamba kupukuta magalasi awo owotcherera omwe analibe fumbi n'komwe. Zinandipweteka, ndisaname.

Musandimve molakwa, sindikulira malasha. Utsi wake bwenzi tikukhosomola nawo tonse, ndipo dzuwa lopangira magetsi tili nalo lambiri, mpaka kutiwaula mitu mu Limbemu. Kusintha maganizo si mlandu.

Mlandu ndi kusintha mwakachetechete. Poyamba ntchito timaitana dziko lonse: matenti, zimkuzamawu, amayi kuvina atavala nsalu zofanana, wailesi kubwereza mpaka ana kuloweza. Ikafa ntchitoyo, onse aja amangosowa. Mwamvapo galimoto ya chimkuzamawu ikuzungulira m'makwalala kulengeza kuti zija tinalonjeza zakanika?

Chonsecho mwambo wake timaudziwa. Chibwenzi chikatha chinkhoswe chitachitika kale, ankhoswe sabisala. Amavala jekete, kupita kubanja linalo n'kukanena, kuti mwana wa eni asamakane ena podikira munthu amene sadzabwera. Manyazi amakhalapo, koma ankhoswewo amapita ndithu.

Anthu amamanga moyo pa malonjezo amenewa. Wina amagula filiji, wina chigayo, wina amakana ntchito. Kuwauza zoona sikufuna thandizo lochokera kunja, kumangofuna pakamwa pomwe panalonjeza paja.

Ndikutsanzika, a Fombe anapempha foni yanga kuti aimbire mng'ono wawo. Ndinaima poteropo, koma ndinamva. Malo a ntchito a ku Tete aja analowapo wina mwezi watha.

Inu akuluakulu amene munadziwa tsiku lomwe munasaina kuti ntchito ya magetsi a malashayi yatha, munkadikira kuti a Fombe awauze ndani?