Penti Wofuna Moto

Amuna anga atabwerera ku Joni, anasiya galimoto yawo m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba yathu, kwa Msakambewa. Makiyi anandipatsa ine m'manja. Sanapatse mng'ono wawo wa ku Ntchisi amene amadziwa kuyendetsa, anapatsa ine, munthu woti ngakhale njinga ndimachita kuiguza pamtsetse. Iwo anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo abale awo anali atatopa kupempha atsibweni anga kuti ndipite chitengwa. Mphekesera zoti ku Joniko kuli mkazi wina ndinkazimva ndithu pamjigo, anthu ake osanong'ona n'komwe. Ndiye ndinkadziuza kuti mwamuna akhoza kuiwala mkazi, koma galimoto sangaiiwale. Bola ili m'chigafa mwanga, tsiku lobwera adzafikira pano.

M'galimoto monsemo chimene ankachikonda kwambiri si mipando kapena wayilesi. Anali mapaipi anayi otuluka m'mbali mwa injini, opindikapindika, n'kukakumana pansi kulowera ku ekizozi. Ankati galimotoyo sinabwere nawo, anachita kugula padera n'kumangitsa komweko kuti izilira bwino ndi kukoka pachitunda. Ankatsegula boneti n'kuitana amuna a m'mudzi kudzaona. Kwa ine mapaipi anali mapaipi basi. Koma tsiku lonyamuka anandiimika pamenepo n'kunena kuti, "Mayi a ana, awa muziwayang'ana. Akachita dzimbiri amabowoka, ndipo kuno simungawapeze."

Ndinkawayang'ana. Kuyang'ana kokha ndinkatha.

Mvula itayamba, ndinasunga matumba a feteleza m'chigafa momwemo, pambali pa galimoto, poti ndi mokhamo mosadontha. Tsiku lina nditatsegula boneti ndinaona timadontho tofiira pamapaipi paja. Ndinapukuta ndi chala, sitinachoke. Ndinalavulira malovu n'kupukuta ndi chitenje, osachoka. Ndinaona ngati ndaswa mbale ya apongozi.

Chitsulo chokhala pamoto chimene ine ndimachidziwa ndi poto. Poto usanamuike pamafuwa umamumata kunja ndi phulusa lonyowa losakaniza ndi dothi pang'ono, kuti mwaye usamudye. Amayi ankatero, ine ndimatero, ndipo mapoto anga amawala mpaka lero, aliyense akhoza kudzaona. Amuna anga anali atandiuza kuti m'mapaipimo mumadutsa moto wa injini. Ndiye ndinati, moto ndi moto. Ndinakanda phulusa ndi dothi m'beseni n'kumata mapaipi onse anayi bwinobwino, mpaka m'mapindiko.

Patapita masiku ndinapala pang'ono kuti ndione. Dzimbiri linali litayala pansi pa dothi lija, lofiira ngati katondo. Dothi linkasunga chinyezi cha mvula, ndipo pansi pake panalibe moto woliumitsa poti galimotoyo sinkalira. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinangoima, manja ali m'chiuno, kudzifunsa kuti chinthu chimene chimateteza poto chingadye bwanji paipi.

Achimwene anga, amene amayendetsa ngolo, anaseka mpaka kukhala pansi. "Mlongo, galimoto ya alamu mwaisandutsa poto wa nyemba?" Ndinawauza kuti ngati abwerera kuseka, njira ndi iyo. Anasiya kuseka n'kunena kuti chitsulo mankhwala ake ndi oyilo wakuda. Pamudzi pathu oyilo wotha ntchito wa kuchigayo amapakidwa paliponse: pansichi kuti chiswe chisadye, papulawo ikamapuma, pamateyala a ngolo. Anakatenga m'kachigubu, tinatsuka dothi lija, n'kupaka ndi chiguduli. Dzimbiri silinaonekenso. Sindikudziwa ngati linasiya kapena linangobisala, chifukwa zonse zinali bii.

Kumapeto kwa mwezi amuna anga anaitanitsa chithunzi pa foni, monga ankachitira. Ndinatumiza ndili ndi kamtima konyada. Foni inalira nthawi yomweyo.

"Mwapaka chiyani pamenepo?"

"Oyilo, bambo a ana. Kuti asachite dzimbiri."

"Injini ikadzatentha oyilo ameneyo adzafuka, mwina kuyaka kumene. Mukufuna kundiwotchera galimoto? Ngati zakukanikani nenani, mng'ono wanga abwere adzaitenge."

Mawu omalizawo ndi amene anandilowa. Za ana anafunsa pambuyo, mwachidule. Ndinakwiya, ndiponso ndinachita mantha, ndipo mantha ndi amene anapambana.

M'nyumba munali penti wofiira wotsala popaka malata. Malata ndi chitsulo, amakhala padzuwa lotentha chaka chonse, ndipo sachita dzimbiri akapakidwa. Apa ndinaona ngati ndaganiza mwanzeru. Ndinatsuka oyilo ndi sopo ndi madzi otentha, n'kupaka penti ndi nthenga za nkhuku m'malo mothina. Anakongola zedi, moti ndinaitana ana kudzaona. Koma oyilo anali asanatheretu pachitsulopo. Penti uja anayamba makwinya, kenako kusendeka ngati khungu la mbatata yophika, ndipo pansi pake dzimbiri lili phee, kundiyang'ana.

Pofika apa nkhani inali itamveka mudzi wonse, ndipo mwamuna aliyense anasanduka makaniko. Wina anati ndikulunge ndi malegeni. Wina anati ndipake laimu ngati mitengo ya kusukulu. Wina anati dzimbiri lotere silibwera lokha, ndifufuze amene akundichitira nsanje. Anthu oti sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Ndinkawamvera onse, n'kugona mutu ukuzungulira, osadziwa wabodza ndani.

Tsiku la msika ndinakwera kabaza kupita ku Mponela. Kumeneko kuli bambo wina wowotcherera zitsulo, amene amakonzanso ma ekizozi a minibasi. Ndinamuonetsa zithunzi zonse motsatana, za dothi, za oyilo, za penti. Sanaseke, ndipo ndimamuthokoza pa chimenecho. Anandifunsa chimene chili pafupi ndi galimotoyo. Nditatchula feteleza anapukusa mutu, nati feteleza amadya chitsulo ngakhale asanachikhudze, ndikachotse tsiku lomwelo.

Kenako anayamba kundiwerengera njira. Anati alipo mapaipi a chitsulo chonga cha masipuni, amenewo savuta, koma anu si amenewo. Anati ena amakulunga ndi nsalu yosapsa, koma nsaluyo imamwa madzi, ndipo galimoto yongokhala mapaipi amaolera m'kati mwake. Anati njira yoposa zonse ndi yoti amawakutira ndi dothi lina longa la makapu a tiyi, n'kuwawotcha mu uvuni, koma kuno iye sanaionepo.

"Dothi?" ndinatero. "Nanga ine ndinalakwa chiyani? Si dothi lomwelo ndinamata anthu n'kundiseka?"

"Dothi lake si limenelo, mayi."

"Nanga ndi liti?"

Anakanda m'mutu, nati nayenso anangomva. Ndinatsala pang'ono kulira pomwepo, pakati pa zitsulo. Dothi n'lolakwa komanso n'lolondola. Penti n'ngolakwa, koma iye anandilozera sitolo ya tsidya la msewu kuti ndikagule penti. Anati ameneyo ndi wina, wopopera, wopangidwira zitsulo zotentha. Anandiuza kuti ndikhule mapaipi ndi sandipepa mpaka chitsulo chiyere, ndipukute ndi petulo, ndidikire ziume, ndipopere mopyapyala kangapo.

"Koma mumve ichi, mayi. Penti ameneyu salimba ndi dzuwa, amalimba ndi moto. Mukapopera, injini ilire pang'ono, izizire, kenako galimoto iyende ulendo ndithu kuti mapaipi atenthe. Mukapanda kutero, asendeka ngati winayo."

Ndinavomera ndi mutu. Za woyendetsa sindinaganize, maganizo anali pa sandipepa.

Feteleza ndinamusamutsira kuchipinda kwanga. Kukhula kunanditengera masiku, m'mawa ndisanapite kumunda ndi masana ndikaweruka. Wowotcherera uja anati bwino n'kumasula mapaipiwo, koma akanamasula ndani? Ndinkalowetsa dzanja m'mipata, zitsulo zikundisenda m'nkhonya, mpaka chitsulo chinayera ngati poto wotsuka ndi mchenga. Ndinapopera monga anandiuzira. Mapaipi anakhala otuwa moderako, osalala, osawala koma aulemu wake. Ndinatseka boneti, ndipo m'pamene ndinakumbukira za moto.

Pamudzi pathu panalibe woyendetsa galimoto amene amuna anga akanamulola. Analipo mmodzi yekha, mng'ono wawo wa ku Ntchisi uja. Ndinasinkhasinkha mpaka mutu kuwawa. Ndikapanda kumuitana, penti asendeka, chithunzi chipita ku Joni, ndipo amutuma kudzatenga galimoto. Ndikamuitana, ndamubweretsa ndekha pakhomo pa chigafa. Atsibweni anati ndisamuitane. Achimwene anati palibe vuto, munthu wobwera poitanidwa amachita manyazi. Ndinayang'ana zilonda za m'manja mwanga n'kuimba foni.

Alamu anabwera pa njinga yamoto atanyamula batire, poti la m'galimoto linali litafa. Anali aulemu kuposa masiku onse. Ndinawapatsa thobwa, n'kuwafotokozera zonse kuyambira pa phulusa mpaka pa feteleza, tikuseka limodzi. Makiyi ndinamasula ndekha pamfundo ya chitenje. Injini inatsokomola kenako inalira, mapaipi anafuka kautsi kopyapyala konunkha, monga wowotcherera ananenera. Anazimitsa, tinadikira izizire.

"Alamu," anatero, "kuti atenthe bwino pakufunika chitunda. Ndikwere nayo msewu wa ku Ntchisiwu, ndibwera."

Ndinaganiza zokwera nawo. Koma fodya anali atathyoledwa m'mawa, akudikira kusokedwa, ndipo ndinaona kuti kukwera kukhala ngati ndikuwatcha wakuba. Ndinachotsa ndekha mitengo yotchinga pakhomo pa chigafa. Ndinawakupizira dzanja kuti asagunde nkhokwe pobwerera m'mbuyo.

Dzuwa linapendeka ndikusoka fodya, khutu lili kumsewu. Amene anafika ndi munthu wina wapansi, wotumidwa kudzatenga njinga yamoto ija. Nditaimba foni, alamu anayankha mofatsa kuti, "Achimwene anena kuti ikhale kuno kaye. Kuno kulibe feteleza." Za feteleza ndinali nditawauza ndine, thobwa lili m'manja.

Ndinaimbira amuna anga. Anati aona chithunzi chimene mng'ono wawo anawatumizira, penti wake ndi yemweyo, ndagwira ntchito yabwino kwambiri. Ndinafunsa kuti galimoto ibwera liti. Anati tidzakambirana. Mpaka lero sindidziwa ngati anapangana kale, kapena ngati ndinawapatsa ndine nzeruyo. Sindidziwanso ngati galimotoyo ikanakhala ndikanasiya dzimbiri lidye mapaipi mwakachetechete. Ndikafunsa anthu, aliyense amayankha zake, monga ankachitira pa nkhani ya malegeni.

Pa Khirisimasi ndinamva pamjigo kuti amuna anga abwera, ndipo afikira ku Ntchisi. Atsibweni anapita monga ankhoswe, n'kubwerako ndi mawu ambiri opanda mutu. Ana anapita kukaona bambo awo, anabwerako ndi nsapato.

Ndinakumana nawo ku Mponela nthawi yokolola, pafupi ndi msika. Galimoto ija inali itaima m'mbali mwa msewu, pampando wakutsogolo pali mayi wina atanyamula khanda. Amuna anga anatuluka m'sitolo, tinaonana maso ndi maso, ndipo panalibe kothawira. Mawu ndinali nditawakonza kwa miyezi, ena otukwana ndithu, ndinkawayeseza ndikulima. Anandipatsa moni. Ndinayankha. Kenako ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Tatsegulani boneti."

Anandiyang'ana modabwa, koma anatsegula. Ndinatula dengu pansi n'kuwerama. Mapaipi anayi aja anali otuwa, osalala, opanda ngakhale kadontho kofiira paliponse pamene dzanja langa linafika.

"Anagwira," anatero amuna anga.

"Eya, anagwira," ndinatero.

Ndinasenza dengu langa n'kupita kukafuna kabaza wa kwa Msakambewa.