Ndinasainira Zimafani Munda Wosakhala Wanga

Lolemba lapitali, anzanga, ndinakwezedwa pa udindo.

Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala pa chikamwini kuno ku Kabudula, ndipo palibe ananditchulapo mutu wa chilichonse. Ngakhale nkhuku za pakhomo pathu zimadziwa kuti ndikazipirikitsa ine, mlanduwo sunathe, zitha kukadandaula kwa eni khomo. Koma Lolembalo, pabwalo la sukulu, bambo wina wa jekete lowala anaimirira ndi chimkuzamawu n'kunena kuti, "Mitu ya mabanja, senderani kutsogolo kuno."

Ndinacheuka kuti ndione mituyo. Kumbuyo kwanga kunali a Zakeyu, mkamwini mnzanga wochokera ku Mpingu, nawonso akucheuka. Tinayang'anana. Kenaka tinazindikira kuti akunena ife.

Ndikufotokozereni kaye chiyambi chake. Chaka chatha anthu a kampani ina anadzaimika mlongoti wachitsulo kumtunda kwa mudzi wathu, wautali ngati ukufuna kukanda mitambo. Ife tinati ndi wa mafoni, mpaka anthu ankakwera mtunda kukaimbira abale awo pansi pake, n'kumabwera akuchitira umboni kuti mawu akumveka bwino. Ayi ndithu, unali woyeza mphepo. Tsopano ayeza, akhutira, akuti mphepo yathu ndi yonona. Akufuna kudzala zimafani mtunda wonsewo, zoti zikamazungulira zizipanga magetsi. Phiko limodzi lokha akuti likuposa tchalitchi chathu kutalika.

Pamsonkhanowo panalibe mayi ndi mmodzi yemwe. Uthenga unafika m'mawa momwemo, pomwe mwera unali utadzuka bwino, ndiye amayi onse anali kumtunda komweko akuuluza soya. Mayi wanzeru sataya mphepo yabwino chifukwa cha msonkhano.

Basi tinatsala ife, mitu.

"Bambo, munda wanu uli kumtunda?" anandifunsa wa jekete uja.

"Eya, bwana."

Musandiweruze msanga. Sindinaname kwenikweni. Mundawo ndaulima ndine zaka zonsezi, msana uwu ndi mboni.

"Mukuvomera kuti tidzakhomemo zikhomo Lachinayi?"

Anandipatsa cholembera. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma siginecha yanga ili ndi mchira wopindika ngati ya bwanamkubwa, ndipo mpata woionetsa umasowa. Ndinasaina pang'onopang'ono kuti a Zakeyu aone, poti iwo anadinda ndi chala. Anatipatsa chipewa aliyense, banzi ndi chakumwa chozizira. Tinabwerera kumudzi tikuyenda ngati nduna.

Kunyumba ndinapeza akazi anga, aNankhoma, atangotula thumba, mankhusu a soya ali mbuu kumutu.

"Mwalowa chipani chanji ukalamba uno?" anatero akuyang'ana chipewa.

"Si chipani, mayi. Ndi chitukuko. Tasainira magetsi."

"Mwapereka chiyani?"

"Kamalo pang'ono chabe."

"Kamalo kati?"

"Kumtunda kuja. Adzakhoma zikhomo Lachinayi."

Sanakalipe. Ndikadakonda akadakalipa. Anakhala pansi bwinobwino, n'kutambasula miyendo.

"A Phiri, tandikumbutseni, poti ine ndakalamba. Tsiku lija munabwera kuno kuchokera kwanu ku Nsaru, mundawo munaunyamula pa njinga kapena pamutu? Ine ndikukumbuka mphasa, khasu lopanda mpini ndi wailesi yosalira."

Kwa inu a m'tauni amene mwaiwala: kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Munda wa kumtundawo unali wa apongozi anga, iwonso anausiyiridwa ndi amayi awo, ndipo mawa udzakhala wa Esinati, mwana wathu wamkazi. Ine changa ndi thukuta basi. Zimenezi ndikuzidziwa kuyambira ndili ndi mano onse. Koma munthu akakutcha mutu pa chimkuzamawu, nzeru zimatsikira m'banzi.

"Lachinayi akubwera, eti?" anapitiriza aNankhoma. "Mukafufute dzina lanu pamaso pa anthu. Mukapanda kutero, msewu wa ku Nsaru sunasamuke. Alongo anu akakusungeni."

Ku Nsaru? Kumene ndikapita amanditulutsira mpando wa alendo, ana n'kumafunsana kuti agogo awa ndi a kuti? Akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndinkayesa amanena mkamwini wothawa yekha. Sindinkadziwa kuti pali wina amene amachita kumuterereketsa.

Lachiwiri ndi Lachitatu mudzi unali pa moto. Ena ankati zimafanizo zidzakankha mitambo ya mvula kupita nayo ku Mchinji. Ena ankati nkhuku zidzasiya kuikira. A Zakeyu, amene anadinda oyamba, ndiwo anayamba kulumbira kuti zimenezo zimayamwa mphepo yonse, munthu n'kumapuma moperewera. Nawonso anali atauzidwa za msewu wa ku Mpingu, ndiye sayansi inawabwerera mwadzidzidzi.

Nkhani zoterezi ndi zimene zimafika m'tauni. Kumeneko akuluakulu amapukusa mitu n'kumati anthu akumudzi akukana chitukuko chifukwa cha umbuli. Zoona, umbuli tili nawo, ena mpaka timakongoza anzathu. Koma mukanamva zimene amayi ankafunsana pa mjigo! Za nkhuku panalibe. Ankati: msewu wa zimagalimoto zonyamula mapikowo udzera m'munda mwa yani? Chitsulo chikaima m'munda, chidzachoka liti? Ana athu adzalima pati? Nanga magetsiwo adzatsika pano, kapena adzangodutsa pamitu pathu kukawalitsa mipanda ya anthu ku Lilongwe?

Amenewo ndi mafunso a umbuli?

Ine magetsi ndimawafuna, ndisakunamizeni. Maso anga atha ndi tochi, ndipo chigayo cha dizilo chimatsokomola kuposa ine. Koma alendo athu a chitukukowa ali ndi matenda amodzi. Akafika pamudzi amayang'ana amene wavala buluku, n'kumuyesa mwini. Amayeza mphepo chaka chathunthu, koma kufunsa kuti dothi ili ndi la yani sawonongerapo ngakhale theka la tsiku. Mawa eni ake akadzuka, akuti mudzi waukira.

Lachinayi galimoto inafika kumtunda itadzaza zikhomo. Inapeza amayi atakhala kale m'mindamo, aliyense m'munda mwake, malichero ali pamiyendo. Sanatukwane, sanagende. Amangoimba nyimbo ya kutchalitchi, ija ya ndime zambirimbiri, ndipo ikatha amaiyambanso. Ife mitu tinaima cha patali, pansi pa mtengo wa mango.

Wa jekete uja anadikira nyimbo ithe, anaona kuti siitha, ndiye anangotulutsa pepala.

"Amayi, pepani. Koma eni minda anavomera."

"Eni ake ndi ati?" anafunsa aNankhoma.

Anayamba kuwerenga maina. Loyamba kumugwera m'maso linali langa, chifukwa cha mchira uja. Ndinaganiza za mpando wa alendo wa ku Nsaru, n'kutuluka pansi pa mango.

"Ine Phiri," ndinatero, "kuno ndilibe munda. Ndili ndi khasu. Ngati mukufuna malo a chifani chanu, khomani pa khasupo."

Amayi anaseka mpaka nyimbo inasokonekera. Akamwini anzanga anatsatira mmodzimmodzi ngati mzere wa kuchipatala. A Zakeyu anati iwo sanavomere kalikonse, chala chawo chinangopita chokha.

Kenaka aNankhoma anamuyang'ana bambo uja kuyambira ku nsapato.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ku Nambuma konkuno, mayi."

"Ooh, ndinu mwana wa pakhomo. Munda umene unakuphunzitsani sukulu ndi wa yani?"

Anakanda m'mutu. "Ndi wa mayi anga."

"Bambo anu atausainira kwa alendo, mayi anu angawatani?"

Bamboyo anayesa kuugwira mtima, koma zinakanika, anaseka. "Sindingayankhe pagulu, mayi."

"Nanga awa munawaitaniranji?"

Anatembenuza pepala lija n'kuwaonetsa ndi chala. "Ndi fomuyi, mayi. Ili ndi mzere umodzi wokha. Akuti mutu wa banja."

Mwamva? Munthu wobadwira ku Nambuma, woyamwa bere la Chichewa, wodziwa bwinobwino kuti bambo ake ndi mlendo pamunda wa mayi ake, anaika zonsezo m'thumba chifukwa pepala lochokera ku ofesi linalibe malo olembapo mayi. Ndiye ine wa sitandade folo mundiseka chiyani?

Maina athu anawakhwatcha pomwepo, langa ndikuona ndi maso. Zikhomo zinabwerera pa galimoto osatsika n'chimodzi chomwe. Akuti adzabweranso kudzakambirana ndi amayi pamodzi ndi alongo awo, pa tsiku limene amayiwo asankhe okha, soya akatha.

Kaya zimafanizo zidzaima kaya sizidzaima, ine sindikudziwa. Ndinawafunsa aNankhoma pobwerera, ndili ndi thumba la soya pamutu ngati chindapusa, kuti tsono inu mwakana chitukuko?

"Ndakana liti?" anatero. "Alipo wandifunsa?"

Ndiye ine ndikadali ku Kabudula, ndikudya ndi kugona pamalo panga pakale, udindo wanga wa masiku atatu unatha mwamtendere. Koma pali munthu mmodzi amene ndikufuna nditamuona ndisanafe. Ali pa mpando wozungulira kwinakwake m'tauni, ndiye analemba fomu ya mzere umodzi ija.

Akulu inu, kodi munakwatira kuti?