Bwerezani

Atate anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Sitiroko inawapeza Lachiwiri lina m'mawa ali kudimba ku Madzimoyo. Inawalanda dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu onse kupatula amodzi: "Bwerezani." Awa ndi mawu a m'kalasi, amene ankauza mwana akalakwa samu.

Oyamba kukumana nawo mawuwa anali abusa. Anabwera Lachisanu, napemphera mpaka tiyi anazizira m'makapu. Atanena ameni, atate anawayang'ana.

"Bwerezani."

Abusa ndi munthu waulemu. Anabwereza.

Tinaseka kukhitchini, koma nkhani inali yowawa. Atate akafuna madzi, akafuna kuchimbudzi, akamva kuzizira, zonse zinali "Bwerezani." Dokotala wa ku Chipata anati mawu akhoza kubwerera, akhozanso osabwerera.

Ine ndinakulira m'ntchito ya nyuzipepala: ukasowa yankho, umafufuza. Kwathu netiweki imagwira malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Ndili pamenepo ndinapeza gulu la pa foni la anthu osamalira odwala sitiroko. Munali zambiri: mafuta a nsato, uthenga woti utumize kwa anthu khumi kuti udalitsidwe, ndi bambo wina wogulitsa njinga ya odwala yopanda tayala limodzi. Koma mayi wina, amene ntchito yake ndi kuphunzitsa odwala kulankhulanso, analemba zomveka. Funsani funso limodzi lalifupi, kenako khalani chete. Werengani mpaka teni mumtima. Musamuyankhire wodwalayo.

Vuto linali amayi. Zaka makumi anayi m'banja, anali asanalolepo atate kumaliza chiganizo, ngakhale pamene anali bwinobwino.

"Aphunzitsi, mufuna tiyi? Afuna. Shuga masupuni awiri? Eya, awiri."

"Amayi, a pa foni akuti tizidikira ayankhe okha."

"A pa foniwo ndi amene anakwatiwa nawo? Ine ndimadziwa zimene afuna iwo asanazifune."

"Mukamawayankhira, mawu sabwera."

Zimenezo zinawalasa. Tsiku lonse sanandilankhule, chinthu chimene m'mudzimo chinali chisanaonekepo.

M'mawa mwake anabwera ndi phala, nakhala moyang'anizana ndi atate pakhonde. Kuwerenga mumtima kunawakanika. Amayi alibe zamumtima, zonse zimatulukira pakamwa. Anawerenga mokweza, mothamanga, ngati mwana wothawa chikwapu.

"Aphunzitsi, mufuna phala? Wanu, thuu, firii, folo, faifi, sikisi, eyiti, naini..."

Dzanja lamanzere la atate linamenya tebulo. Milomo inagwedera, nsagwada inalimbana ndi mwini wake. Ine ndinapondereza phazi la amayi kuti asayankhe.

"Se... seveni."

Supuni inagwa pansi. Amayi anayang'ana ine, nayang'ana amuna awo. Kenako, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo kwa iwo, amayi anati:

"Bwerezani."

"Seveni," anatero atate, mokwiya ndithu.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anaiwala masamu onse. Mazira asanu ankati ndi atatu, mbuzi zinayi ankati ndi sikisi, bola atate ali pafupi. Atate sanalole cholakwa ndi chimodzi chomwe kudutsa.

Pofika nthawi ya mvula anali atabweza manambala onse, "madzi," ndi mawu ena amodzi amene palibe anawaphunzitsa: "Chete." Amenewa amauza munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo akawamva amaomba m'manja, n'kupitiriza kulankhula.